Kabotolo ka Apongozi

Lolemba, 8 Julaye 2024

Mphepo ya mwera, tsiku lachinayi. Maboti onse pamtunda, alovi, asodzi a kuno, ali mbwee pamchenga, bawo ndi mabodza. Kwa ine ndiye nyengo yabwino, chifukwa anthu anga ndimawapeza akalephera kulowa m'madzi. Timabotolo tisanu lero. Tonse makhololo enieni, osati malovu.

Anafika pathebulo langa pansi pa mango akuseka ngati masiku onse. "Che Makhololo, lero mwapha angati?" Dzina limeneli poyamba linkandiwawa. Pano ndimavomera ndi mtima wonse. A Jaffalie kunyanja kuno ndi ambirimbiri, koma Che Makhololo ndi mmodzi.

Zaka zinayi pa ntchito yongodzipereka. Malipiro palibe. Njinga, bokosi lozizira, kaundula, ndi sikipa yomwe yayamba kutuwa. Koma anthu 37 apezeka ndi chifuwa chachikulu kudzera m'manja angawa, ndipo 34 akudya ndi kuyenda. Ena mwa iwo ndi omwewa akundisekawa. Inenso ndinachidwala mu 2018, ndinatsala mafupa okhaokha, ndiye palibe angandiuze kalikonse za chifuwa chimenechi.

A Gerald a kulabu, oyeza makhololo kuchipatala, amanena pamaso pa anzanga onse kuti, "Kabotolo ka Jaffalie sindibweza." Chinsinsi chake ndi chimodzi. Sindilemba dzina pakabotolo ngati mwiniwake sindinamuone ndi maso anga akutsokomolera momwemo. Lamulo limeneli palibe anandipatsa, ndi langa.

Kuseri kwa mpanda wa bango apongozi akutsokomolabe. Ndikuwamva pamene ndikulemba pano. Kutsokomola kumeneko ndikukudziwa.

Lachiwiri, 9 Julaye

Makilomita 14 kupita kuchipatala, mwera pamphumi. Pobwerera unandikankha kumsana, pa Nkopola ndinadutsa ngati wa njinga yamoto. Tayala lakumbuyo latha, ulusi ukuoneka. Lipirire.

A Gerald anakwezera timabotolo kuwindo kamodzikamodzi, kuyang'ana, kugwedeza mutu. Tonse tisanu talowa m'makina.

Tsopano ya apongozi. Abiti Dinala, mayi ake a mkazi wanga Asiatu. Ine pano ndine mkamwini, kwathu ku Namwera, zaka 11 pamudzi pano. Zaka 11 sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira ya kumjigo, iwo amapatukira m'chinangwa, ine maso kumitambo. Mawu anga amapita kwa Asiatu, Asiatu amawapereka kwa iwo, yankho limabwerera njira yomweyo, ngakhale watilekanitsa ndi mpanda wokha. Ena masiku ano anazisiya zimenezi, amadyera mbale imodzi ndi apongozi awo. Osati Abiti Dinala. Ndipo ine ndimanyadira. Makolo pamudzi pano akamadzudzula akamwini amwano, amatchula ine.

Koma chifuwacho. Kuyambira pamene Ramadhani inatha, miyezi itatu tsopano. Asiatu akuti chofunda chawo chimacha chili chonyowa ndi thukuta, kuzizira konseku. Chakudya akungogwiragwira. Ndipo m'nyumba yomweyo ndi momwe anamwalirira mlamu wanga Muhammad chaka chatha, atabwera ku Joni ali maso okhaokha. Milungu itatu pakhomo, maliro. Amene anamusamalira ndi amayi awiri omwewa, apongozi ndi Asiatu. Kabotolo kanga anakakana mpaka tsiku lomaliza. Zimandiwawabe.

Ndamuuza Asiatu kuti mayi ayezetse. Anangoti, "Mukufuna mayi alavule pamaso panu?" Kenako ulendo kukayang'ana milamba yake pang'anjo yowambira nsomba.

Lachinayi, 11 Julaye

Zotsatira za Lachiwiri. Mmodzi mwa asanu aja wapezeka nacho, mlovi wa pa ukonde wa chilimira kumtunda uko. Wa 38. Ndinamulozera ndekha pagulu la anthu khumi, khutu lokha. Mawa ayamba mankhwala. Ndinabwerera ndikuimba panjinga, munthu wamkulu ndithu.

Ndinapempha a Maud, alangizi athu a zaumoyo, kuti akalankhule ndi apongozi. Mkazi kwa mkazi mnzake, mwina. Anapitako masana. Apongozi anawayalira mkeka, anawaphikira chinangwa, anawafunsa za ana awo. Kabotolo ayi. Akuti ndi mwera chabe, ndi fumbi. Akuti kuchipatala apita mphepo ikaleka. A Maud atawapanikiza ndi pomwe ananena zenizeni. "Zili m'chifuwa mwa munthu wamkulu sizinyamulidwa ndi mkamwini panjinga, kudutsa nazo pamsika."

Ndiye vuto si kabotolo. Vuto ndine. Ndipo dera lonseli bokosi ndi limodzi, njinga imodzi, wonyamula mmodzi.

Asiatu akugona kwa mayi ake, sabata yachitatu tsopano. M'nyumba muno ine ndi mwana wathu Ajira. Zaka zinayi, pakamwa ngati wailesi. Ndamuletsa kukagona kwa agogo ake, walira madzulo onse. Alire, bola mapapo.

Loweruka, 13 Julaye

Nzeru zandibwerera ndikutsuka bokosi. Ngati sindingawaphunzitse apongozi, ndiphunzitsa mpanda.

Ndinamuitanira Asiatu pafupi ndi bango, pomwe ndikudziwa kuti mbali inayo apongozi amakhala pamkeka kuwothera dzuwa. Ndinakweza mawu ngati ndili pamsonkhano. Choyamba kuchukucha m'kamwa ndi madzi. Kutuluka panja, kutali ndi anthu, mphepo kumsana. Manja m'chiuno. Kupuma mpweya wambiri katatu, pang'onopang'ono. Kenako kutsokomola kuchokera pansi pa chifuwa, osati pakhosi. Zapakhosi ndi malovu, makina sapezamo kanthu. Kutseka chivindikiro mwamphamvu.

Ndinachita kuonetsa ndithu, manja m'chiuno, kukhosomola mpaka nkhuku zinathawa. Asiatu anaseka mpaka nayenso anatsamwa, misozi mbwe. Kuseri kwa mpanda kunali zii. Koma mkeka unalira, ndiye analipo.

Ndinanenanso, maso ndili kwa Asiatu, kuti mankhwala ndi aulere, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amene akulankhulayu ndi mboni. Amene anandiphikira phala masiku amenewo akudziwa momwe ndinalili. Anali apongozi omwewo. Linkabwera ndi Asiatu m'mbale yovindikira, m'mawa uliwonse, osaphonya.

Ndamupatsa Asiatu kabotolo. Dzina ndalemberatu, Abiti Dinala, pambali, osati pachivindikiro. Koyamba m'zaka zinayi kulemba dzina mwiniwake osamuona. Koma nanga ndikanatani? Mkazi wanga ndiye maso anga.

Lolemba, 15 Julaye

Mwera waleka. Usipa wabwera, thandala lililonse loyanikapo nsomba ladzaza, pathebulo langa palibe ndi mmodzi yemwe. Nsomba zikabwera anthu onse amachira.

Asiatu wabweretsa kabotolo m'mawa, atakakulunga m'chitenje. Ndinakwezera kudzuwa. Madzi oyera, thovu pamwamba. Malovu.

Ndabweza. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Akuti mayi anachita kudzikakamiza, analira, ndiye ine ndikubweza? Ndinamuuza kuti malovu ndi malovu, kaya a mlovi, kaya a shehe, kaya a apongozi. Ndikawapititsa, makina anena kuti mulibe kanthu, tonse tikhazika mitima pansi, chifuwa chikudya munthu. Zimenezo ndiye zoopsa kuposa kusayezetsa. Ndamupatsa kabotolo kena, dzina lomwelo.

"Mukuwazunza mayi chifukwa cha dzina lanu kulabu." Mawu ake amenewo. Andilasa. Mwina muli zoona pang'ono, koma pang'ono pokha.

Ndiwo zinali usipa wofutsa. Iye sanadye, akuti utsi wa pang'anjo wamukhutitsa.

Lachiwiri, 16 Julaye

Alhamdulillah!

Ndikuchokera kumzikiti m'bandakucha, kabotolo kali pakhonde, pamwamba pa bokosi. Asiatu ataima patali, nkhope kumbali. Ndinakakweza. Olimba, achikasu, okwanira bwino, kaulusi ka magazi pakati. Makhololo oti ndingaphunzitsire anzanga ongoyamba kumene. Apongozi anamva phunziro lonse kudzera m'bango. Mphunzitsi ndine ndithu.

Ndinamuthokoza Asiatu. Anangobwerera kwa mayi ake. Mkwiyo wa dzulo, utha.

Ndinapalasa ngati mnyamata. A Gerald anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anawerenga dzina. "Awa si apongozi ako aja? Wawatani, iwe?" Ndinangoti aliyense ali ndi njira yake. A Maud anandigwira chanza pamaso pa anamwino.

Magazi aja akundivutitsa mtima. Koma bola tidziwe.

Lachinayi, 18 Julaye

Chapezeka.

Pepala lili m'kaundula. Abiti Dinala, chifuwa chachikulu chapezeka, cha mtundu womva mankhwala. Wa 39. Khutu langa silinama, ngakhale kudzera mumpanda.

Mantha alipo, sindikana. Munthu wamkulu, thupi latha. Koma chimwemwe chaposa. Muhammad anandipulumuka, awa ayi. Phala lija ndibweza.

A Maud akuti mawa m'mawa abwere nawo, akawayeze sikelo, alembedwe, ayambe kumwa. Ndakambirana kale ndi wa kabaza wa njinga yamoto, wokwera bwino, wosathamanga.

Ndinamupeza Asiatu pang'anjo, ndinamuuza pang'onopang'ono. Anakhala pansi, padothi pomwepo. Milamba inapserera iye akuyang'ana. Ndinaiphula ndine. Ndinamulimbitsa mtima kuti mayi achira, ine ndilipo, ntchito imeneyi ndi yanga. Anangondiyang'ana.

Mwana wamkazi ndi mayi ake. Ndamusiya apume.

Lachisanu, 19 Julaye

Wa kabaza ndamubweza.

Kabotolo kaja sikanali ka apongozi.

Lamulungu, 21 Julaye

Masiku awiri cholembera chikundikana. Lero ndilembe, mwina mutu upepuka.

Lachisanu m'mawa, njinga yamoto ili kale pabwalo, Asiatu anandikokera kuseri kwa bafa. Anagwada. "Bambo a Ajira, mayi anakana kachiwiri. Ndinatsokomolamo ndine. Ndimati zibwere zopanda kanthu, mtima wanu ukhale pansi, mayi apume."

Ankaganiza kuti chifuwa chake ndi cha utsi. Amayi onse owamba nsomba amatsokomola, ndani sadziwa? Ndiye anachita zonse monga ndinaphunzitsira pampanda paja. Kuchukucha, manja m'chiuno, kupuma katatu. Wophunzira wanga wabwino kuposa onse.

Ndinakalipa. Zimene ndinanena sindilemba pano. Kenako ndinamuyang'ana, kumuyang'ana kwenikweni. Mafupa a pakhosi ali poyera. Chibangili chomwe chinkathina pamkono chikutsetsereka mpaka pachigongono. Milomo youma. Tsiku lija anatsamwa pampanda, ine ndimati ndi phwete. Kusadya kuja. Kugona kwa mayi ake milungu yonseyi, kumene sindingamumve. Akuti chikamugwira masana ankathawira kuseri kwa ng'anjo, chitenje kukamwa.

Che Makhololo. Womva chifuwa cha mlovi pakati pa anthu khumi, mwera ukuwomba. Womva kudzera mumpanda. Mkazi wake akutha pamaso pake, iye ali kalikiliki kuwerenga 38, 39.

Ku mapemphero a Ijuma ndinapita, koma zomwe ananena shehe sindinamve ndi liwu limodzi.

Ndipo ndikanapanda kubweza malovu aja? Ndikanapanda kuumirira? Bwenzi lero Asiatu akuwambabe nsomba, chifuwa chikumudya mwakachetechete mpaka liti? Ukali wanga womwewo ndi umene wamupeza. Kuphwanya lamulo langa ndi kumenenso kwamupeza. Sindikudziwa kuti ndidzitame kapena ndidzimenye.

Mawa kukaulula. M'kaundula wanga ndi wa kuchipatala muli dzina labodza, lolemba dzanja langa. Maganizo oipa anabwera, oti ndinganene kuti timabotolo tinasokonekera m'bokosi. Ndinawathamangitsa. Ndinalemba dzina ndisanaone, ndikanena choncho.

Apongozi sanatuluke m'nyumba chiyambire Lachisanu. Asiatu anawauza zonse. Kutsokomola kokha ndi kumene kukumveka. Ndipo iwo, amene ndinayambira nkhani yonseyi, sanayezedwebe.

Lolemba, 22 Julaye

Asiatu pakaliyala, Ajira pakati. Opepuka onse awiri, mpaka mtima kuwawa. Tayala lapirira.

Ndinanena ndekha, ndisanafunsidwe, a Maud ndi a Gerald ali pomwepo. A Maud anagwira pakamwa. Akuti tikanawapatsa agogo mankhwala pa pepala la munthu wina, mwini matenda ali kunyumba. Zoona. A Gerald anati, "Zaka zonsezi amene wabwera kudzanena kuti ndalemba dzina lolakwa ndiwe woyamba. Ukuganiza kuti ndiwe woyamba kulakwitsa?"

Anadula mzere pa dzina la apongozi, tonse tinasaina pambali. Asiatu anapereka makhololo ena kuseri kwa chipatala, a Maud akuona, dzina lake lenileni pakabotolo. Tinadikira pansi pa mtengo mpaka masana. Chapezekanso. Sikelo 44. Pamene tinkakwatirana anali munthu wodzaza chitenje.

Wameza mapiritsi oyamba ine ndikuona. Akuluakulu, ofiira. Ndamuchenjeza kuti mkodzo usintha mtundu, asadabwe. Ajira amupima, alibe zizindikiro, amupatsa mankhwala oteteza. Ine andiuza kuti ndikajambulidwe chifuwa ku boma sabata yamawa.

Pobwerera Asiatu anatsamira mutu pamsana panga. Pafupi ndi Nkopola anati, "Mwandikwiyirabe?" Ndinati ndikupalasa, asandisokoneze. Anaseka, anatsokomola, sanabisenso.

Wa 39 ndi Asiatu. Ndakonza m'kaundula wanga. Kabotolo kopanda dzina ndakaika m'thumba la sikipa. Kaya.

Lachitatu, 24 Julaye

Ndilembe zonse, ndisaiwale kanthu.

Dzuwa litangotuluka, ndikupopa tayala pafupi ndi mpanda. Asiatu ali m'nyumba mwathu, ndamubweza kuno, mawindo otsegula. Mawu kuseri kwa bango, otsika, osasa. "Bambo a Ajira, muli pamenepo?"

Ndinacheuka kufuna amene akuuzidwa. Panalibe munthu. Amanena ine. Pompa inagwa, ndinagwada pomwepo, ngakhale sankandiona.

Anati, "Mwana mmodzi ndinaika kale. Uyu wadwala pobisa manyazi anga. Bweretsani kabotolo kanu."

Ndinakatulutsa m'thumba. Ndikanatha kungokapereka pamwamba pa mpanda, nkhani n'kutha, ulemu wa zaka 11 uli bwinobwino. Dzanja linafika kale pabango. Koma ndinalibweza. Ndinati, mayi, mundikhululukire, dzina sindilembanso ndisanaone.

Ndinati basi, ndawononga zonse, mawa akundipitikitsa pamudzi, ndikatsike ku Namwera ndi bokosi langa. Kenako mapazi, pang'onopang'ono, kuzungulira mpanda. Anatulukira pakhomo la bafa, mpango kumutu, kapu ya madzi m'manja. Anali atachukucha kale. Phunziro lija analimva lonse.

Ine maso pansi. Zala za kumapazi zokha ndi zomwe ndimazidziwa zaka zonsezi. Anati, "Imirirani. Mwati mukufuna kuona, onani."

Ndinaimirira. Ndinawaika mphepo kumsana, ine pambali. Manja m'chiuno, iwo manja m'chiuno. Kupuma katatu, limodzi. Koyamba malovu. Ndinati ayi, mayi. Kuwauza apongozi kuti ayi, pamaso! Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinawapempha ayende kuzungulira bwalo kawiri, amwe madzi ofunda. Anayenda, osadandaula. Kachitatu chinachokera pansi penipeni, mpaka anagwira mtengo wa papaya. Anatseka okha, mwamphamvu, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Pamenepo ndinawaona kumaso. Nkhope yaing'ono kuposa momwe ndinkaganizira. Masaya olowa. Mphini ziwiri pambali pa diso. Ndipo mpata wa mano akutsogolo, uja ali nawo Ajira, umene ndakhala ndikunena kuti ndi wa kwathu ku Namwera. Si wa kwathu.

Ndinalemba dzina iwo akuona. Kuwerenga sadziwa, koma anayang'anitsitsa chilembo chilichonse mpaka ndinamaliza. Kenako anabwerera kuseri kwa mpanda wawo. Amayi awiri opita kumjigo anaima ndi zidebe, kukamwa yasa. Pofika madzulo mudzi wonse udziwa. Udziwe.

Lachitatu si tsiku langa lopita kuchipatala, koma awa sakanagona m'bokosi. Ndipo pamsika sindinadutse. Ndinazungulira njira ya kuminda, ya mchenga, makilomita atatu owonjezera. Sanandipemphe. Sadzadziwanso.

Tayala linaphulika nditangolowa mumsewu wa tala. Kotsalako wapansi, njinga kukankha, bokosi paphewa. Ndinafika thukuta lili kamukamu. A Gerald anakwezera kabotolo kuwindo, anawerenga dzina, anandiyang'ana. Ndinati ndaona ndi maso anga. Sanafunsenso.

Pa timabotolo tonse tomwe ndanyamula zaka zinayi, aka ndiye kanga.

Lachisanu, 26 Julaye

Zotsatira zinatuluka dzulo. Chapezeka, chomva mankhwala. Wa 40, ndipo ulendo uno dzina ndi mwiniwake ndi amodzi.

Pagombe nkhani yafika kale. Alovi akuti, "Che Makhololo wapha chambo chomwe chinakana ukonde zaka khumi." Achikulire ena kumzikiti sanandiyankhe bwino moni. Mmodzi akuti ulemu watha m'dziko. Ndinangomuyang'ana. Nayenso akutsokomola, ndamuika m'maganizo.

Lero m'mawa kuchipatala. Apongozi panjinga yamoto ndi Asiatu, ine pambuyo pa njinga yobwereka. Sikelo 39. Anawayezanso magazi ndi zina, monga amachitira ndi aliyense. Ine ndinakhala panja pabenchi, msana kukhomo, monga mwa mwambo. Zachitika Lachitatu zinachitika, koma mkamwini ndi mkamwini.

Khomo linali lotsegula, ndiye ndinamva. Namwino anafunsa kuti ndani aziwaona akumeza mankhwala tsiku lililonse, n'kumachonga pakhadi, miyezi isanu ndi umodzi. Asiatu sangathe, naye ndi wodwala, womuyang'anira ndine. Anatchula mng'ono wawo wa apongozi, koma amakhala ku Chembe. Anatchula mdzukulu, ali kusukulu.

Apongozi anati, "Lembani mkamwini wanga. Ameneyo sanama, ndipo akati ayi ndi ayi."

Namwino anaseka, akuti chiyambireni ntchito sanalembepo mkamwini pakhadi la apongozi. Ine pabenchi ndinayang'ana kumbali, fumbi linandilowa m'maso. Bodza, kunalibe fumbi. Ndinalira, ndipo ndinali wonyada kuposa tsiku lomwe anandipatsa njinga pamaso pa mudzi wonse.

Potuluka anadutsa pafupi ndi benchi. Sanapatuke. Sanandiyang'anenso, koma ananena chapansipansi m'Chiyao chawo, "Sikomo kwejinji." Kwa ine, popanda wodutsiramo.

Loweruka, 27 Julaye

Makhadi awiri pakhoma, msomali umodzi. Asiatu wameza kale, ndachonga, tsiku lachisanu ndi chimodzi. Akuti njala yayamba kumugwira, akufuna phala la mpunga. Ajira wamwa ake atalira pang'ono. Lolemba ku boma kukajambulidwa. Tayala silinapezekebe, Lachiwiri mwina wapansi.

Chomwe chandisowetsa mtendere ndi ichi. Ndikalowa bwanji pabwalo pawo? Zaka 11 sindinapondepo. Ndiime pampanda iwo amezere mbali inayo? Ayi, kuona ndiye ntchito. Nditume Asiatu kuti akanene kuti ndikubwera? Ndigwade pati? Kapu ndiwapatse ndine kapena ndiike pansi? Ndavala sikipa, ndavula, ndavala mkanjo, ndavalanso sikipa. Asiatu akundiseka ali pamkeka.

Masiku 180 otere. Mwina pofika mvula ndidzakhala nditazolo...

Akuitana. Osati Asiatu. Akuti bambo a Ajira, madzi akuzizira.